Zapansi Sawerengera: Phiri la Kangankunde, Gasi wa M'miyala ndi Masamu a Zosaoneka

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IZILALA PANG'ONOPANG'ONO)

Inu a ku Ntaja ndi ku Nsanama, a ku Nayuchi kumalire, a pa Liwonde pamene Shire amadutsa pansi pa mlatho, a ku Ulongwe, ku Utale, ku Phalula ndi pa Balaka penipeni, sendezani mpando kufupi ndi wailesi. Madzulo ano tikamba za chuma cha pansi pa nthaka, koma tiyambira m'munda wa chinangwa.

Mukudziwa mmene zimakhalira venda akabwera kudzagula munda wonse, chinangwa chikadali pansi. Mwini munda amamutengera pafupi ndi chulu, pamene nthaka ndi yachonde, n'kuzula phata limodzi. Chinangwa chake ngati mikono ya munthu wamkulu. "Mwaona achimwene? Munda wonsewu ndi chonchi." Venda wochenjera satsutsa. Amangoyenda mpaka kumapeto kwa munda, kumene kuli mchenga, n'kuzulako phata lina. Abwerere pakati, azulenso. Kenako amawerenga mizere n'kuyamba masamu a mumtima. Komabe ngakhale atazula mapata khumi, amadziwa kuti sanaone zonse. Pena mfuko zinadya kale. Nthaka ikauma gwa, china chimadukira pansi khasu osachifikira. Ndipo chimene atulutsecho chiyenera kulipira aganyu, ngolo ndi galimoto yopita kumsika, phindu lisanaoneke.

Tasungani chithunzi chimenechi m'mutu. Pali chinangwa chimene chili m'nthaka. Pali chimene khasu lingathe kutulutsa. Ndiye pali chimene chingatuluke n'kusiya kangachepe m'thumba la wogula. Milu itatu imeneyi siyofanana, ndipo wachitatu ndi wochepa nthawi zonse kuyerekeza ndi woyamba.

Nanga bwanji tikamva pawailesi kuti pansi pa phiri lakutilakuti pali miyala ya mtengo wapatali yokwana matani mamiliyoni ankhaninkhani, timaiwala nzeru za venda uja n'kuyamba kuwerengera ndalama ngati zafika kale?

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tipite ku Kangankunde, phiri limene lili kumwera kwa tauni ya Balaka. Agogo athu ankalidziwa ngati phiri basi. Akatswiri a za miyala amaliona mosiyana. Amati ndi chotsalira cha chiphalaphala chimene chinakwera kuchokera pansi penipeni pa dziko zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, n'kuuma. Ndi pachibale ndi Chisumbu cha Chilwa, chimene katswiri wina wa boma la atsamunda, Frank Dixey, ndi anzake analemba za miyala yake mu 1937. M'miyala ya ku Kangankunde muli zitsulo zimene amazitcha rare earths. Zina mwa izo ndizo amapangira maginito amphamvu a m'magalimoto oyendera magetsi, a m'makina opukusa magetsi ndi mphepo, ngakhale a m'foni imene ili m'thumba mwanumo.

Phiri limeneli layezedwa kambirimbiri. Nthambi ya boma ya Geological Survey ya ku Zomba inaliyeza. Kampani ya Lonrho inayesapo. Akatswiri a ku France a bungwe la BRGM anaboolapo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2007 kampani ya ku Australia yotchedwa Lynas inagwirizana zogula umwini wa malo okumbawo pa mtengo wa madola 4 miliyoni a ku America, ndipo chiwerengero chimene inalengeza chinali chakuti pali miyala matani pafupifupi 2.5 miliyoni. Malondawo anakodwa m'milandu ya kukhoti, phiri n'kukhala chete zaka zambiri. Mu 2022 kunabwera kampani inanso ya ku Australia, Lindian Resources, imene inavomera kulipira madola 30 miliyoni. Inabweretsa makina ake, inaboola, ndipo mu Ogasiti 2023 inalengeza chiwerengero chatsopano: matani 261 miliyoni.

Tamveraninso bwino. Kuchoka pa matani 2.5 miliyoni kufika pa 261 miliyoni. Kuchuluka maulendo oposa 100. Kodi phiri linakula? Inu amene mumaliona m'mawa uliwonse mukudziwa kuti lili pomwe linali, msinkhu wake womwewo. Chimene chinasintha ndi zinthu ziwiri. Choyamba, obwera pambuyowa anaboola mabowo ambiri ndiponso aatali, pamene akale ankangopalapala chapamwamba. Chachiwiri, anasintha mlingo wa mwala umene akuuwerengera. Oyamba aja ankawerenga mwala wonenepa wokhawokha, umene uli ndi zitsulozi magawo atatu ndi theka pa 100 aliwonse kapena kuposa. Atsopanowa anawerenga kuyambira mwala umene uli ndi theka la gawo limodzi pa 100. Zili ngati mlimi mmodzi akuwerenga chinangwa chachikulu chokha, mnzake akuwerenga ndi timizu tomwe. Onse sakunama. Akungoyankha mafunso osiyana.

Ndipo nkhani siyinathere pomwepo. Mu 2024 kampani yomweyo inatulutsa lipoti lounika ngati mgodiwo ungapindule. M'lipotimo, mwala umene inati yautsimikizira mokwanira kuti ingaukumbe n'kupeza phindu unali matani 23.7 miliyoni. Pa matani 261 miliyoni aja, uwu sukufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Sizikutanthauza kuti wotsalawo kulibe ayi. Zikutanthauza kuti wotsalawo ukadali chinangwa cha m'nthaka, chimene palibe amene wazula mapata okwanira kuti abetcherepo ndalama zake.

Tichepetse masamuwo afike pa thumba la makilogalamu 50, loti aliyense angalinyamule. Mukadzaza thumba limenelo ndi mwala wa ku Kangankunde, zitsulo zofunikazo zilimo pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa kilogalamu imodziyo, zimene zili ndi mtengo weniweni pamsika, ziwiri zopangira maginito zotchedwa neodymium ndi praseodymium, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye kuti magalamu ngati 200. Zambiri mwa zotsalazo ndi zotsika mtengo. Akatswiri amavomereza kuti mwala wa Kangankunde ndi wabwino poyerekeza ndi migodi ina yambiri padziko lapansi. Koma tani ya mwala si tani ya ndalama.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Vuto lowerenga zosaoneka si lathu lokha. Mayiko olemera, okhala ndi masukulu aukachenjede akuluakulu ndi makina apamwamba, anagwa nalo chagada. Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino zimenezi ndi nkhani ya gasi wa m'miyala yotchedwa shale.

Shale ndi matope akalekale amene anadikha pansi pa nyanja, limodzi ndi tizamoyo takufa, n'kupanikizidwa mpaka kusanduka mwala. Kutentha kwa pansi kunaphika zotsalira za tizamoyo tija n'kukhala gasi, koma gasiyo anatsekeredwa m'timing'alu tosaoneka ndi maso. Ukaboola mwala wotere monga timaboolera mjigo, gasi satuluka wokwanira. Kwa zaka zambiri anthu ankadziwa kuti gasi alimo, koma ankamuwerengera ngati kulibe. Zinasintha ku Texas, m'dziko la America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya mkulu wina dzina lake George Mitchell inapeza njira yoswa mwalawo motsika mtengo. Masiku ano amaboola chotsika makilomita awiri kapena atatu, kenako n'kukhotetsa chitsulo choboolera kuti chiyende chopingasa mkati mwa mwalawo. Akatero amapopera madzi ambiri osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala, mwamphamvu kwambiri, mpaka mwala kung'ambika. Mchenga umakhalira m'ming'alumo kuti isatsekeke, gasi n'kupeza njira. Ntchito imeneyi ndiyo amaitcha fracking.

America italemera ndi gasi ameneyu, dziko lililonse linafuna kudziwa kuti kwawo aliko wochuluka bwanji. Mu Epulo 2011 nthambi ya boma la America yosunga ziwerengero za mafuta ndi magetsi, EIA, inatulutsa lipoti la mayiko ambiri. Kwa dziko la Poland, limene linkadalira gasi wogula ku Russia, lipotilo linali ngati mvula yoyamba. Linati kumeneko angathe kutulutsa gasi wokwana makyubiki mita 5,300 biliyoni, woti angagwiritse ntchito zaka mazana. Makampani akuluakulu a mafuta anathamangirako. Atsogoleri a dzikolo analonjeza kuti pofika 2014 gasi ayamba kugulitsidwa.

Chaka chisanathe, mu Malichi 2012, bungwe la boma la Poland loona za miyala linatulutsa masamu akeake. Linati gasi wotheka kutulutsa ali pakati pa makyubiki mita 346 ndi 768 biliyoni. Chiwerengero chija chinatsika pafupifupi kakhumi. Ndiye anayamba kuboola zenizeni. Anaboola zitsime pafupifupi 70, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinatulutsa gasi wokwanira kuchita naye malonda. Mwala wa kumeneko unali wakuya, ndipo m'malo ambiri unali ndi dongo lochuluka. Mukudziwa inu amayi oumba mbiya kuti dongo lonyowa silisweka ngati phale. Ukalimenya limangofwamphuka n'kubwererana. ExxonMobil inachoka mu 2012. Chevron ndi ConocoPhillips zinachoka mu 2015. Gasi alimo ndithu m'miyala ya Poland mpaka lero, koma ndi chinangwa chodukira pansi.

Chitsanzo china chili kufupi ndi kwathu. Ana athu ambiri a ku Machinga ndi Balaka ali ku Joni. Amene anakwerapo basi kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town akukumbukira chigwa chachikulu chouma, cha nkhosa ndi timitengo tatifupi, chimene basi imadutsa maola ambirimbiri. Kumeneko ndiye ku Karoo. Lipoti lomwe lija la 2011 linati pansi pa Karoo pali gasi wotheka kutulutsa wokwana 485, pa muyeso umene amautcha tcf. Musavutike ndi dzina la muyesowo, ingogwirani nambala. Mu 2013 eni lipoti anabwereza masamu n'kutsitsa kufika pa 390. Mu 2017 akatswiri a ku South Africa komweko, motsogozedwa ndi a pa yunivesite ya Johannesburg, atayeza miyala yeniyeni yotuluka m'mabowo akuya, anati nambala yoyandikira zoona ingakhale 13. Kuchoka pa 485 kufika pa 13. Chifukwa chake n'chakuti kalekale chiphalaphala chamoto chinalowerera m'miyala ya Karoo n'kuipsereza, gasi wambiri n'kuthawa anthu asanabadwe n'komwe. Ndiwo zinapserera mumphika, koma amene ankawerenga ali kutali ankangoona kukula kwa mphikawo.

Ku California nakonso, boma la America linkati m'miyala yotchedwa Monterey mungatuluke mafuta migolo 13.7 biliyoni. Mu Meyi 2014 linadula chiwerengerocho kufika pa migolo 600 miliyoni. Magawo 96 pa 100 anafufutika tsiku limodzi, popanda dontho limodzi lotayika pansi.

Koma ndisakusiyeni ndi maganizo akuti masamu amenewa amangotsika nthawi zonse. Kum'mawa kwa America kuli mwala wotchedwa Marcellus. Mu 2002 akatswiri a boma ankati mungatuluke gasi wokwana 2 yekha pa muyeso uja wa tcf. Mu 2011 anakweza kufika pa 84. Lero gasi amene amatuluka kumeneko chaka chimodzi chokha amaposa kangapo chiwerengero chonse cha 2002 chija. Kupenekera kumaphonya mbali zonse ziwiri. Ku Poland kunaphonya mokweza, ku Marcellus motsitsa, monganso Kangankunde anayamba waoneka wamng'ono.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Mwina mukufunsa kuti, anthu ophunzira chotere amaphonya bwanji kakhumi, kapena maulendo 30? Yankho lake lili m'kachitidwe ka masamuwo. Palibe amene amalowa pansi ndi sikelo. Amatenga kukula kwa dera limene mwala wafalikira. Amachulukitsa ndi kuchindikala kwa mwalawo. Amachulukitsanso ndi gasi amene akuganiza kuti ali m'chidutswa chilichonse. Pomaliza amachulukitsa ndi gawo limene akukhulupirira kuti lingatuluke, limene kawirikawiri amaliika pa magawo 20 mpaka 30 pa 100. Nambala iliyonse mwa zinayizi ndi yongopenekera, ndipo kumalo kumene sikunabooledwe amabwereka nambala za ku Texas n'kuziika pa mwala wa dziko lina, ngati munthu woyeza munda wa ku Nsanama ndi zokolola za ku Thyolo.

Tiyeseni limodzi. Tinene kuti pa nambala zinayi zija, iliyonse mwaikweza kawiri kuposa zoona. Simunaname kwambiri, mwangokhala ndi chiyembekezo. Koma ziwiri kuchulukitsa ndi ziwiri, ndi ziwiri, ndi ziwirinso, ndi 16. Mwalengeza matumba 16 pamene pali thumba limodzi. Zolakwa zing'onozing'ono zikamachulukitsana zimabala chinthu chachikulu.

Palinso china chimene gasi wa shale amachita. Chitsime chikangotsegulidwa chimatulutsa mwamphamvu, koma pakutha pa chaka choyamba chimakhala chitatsika ndi theka kapena kuposa. Tsono amene waona miyezi itatu yoyambirira n'kuwerengera zaka 30 zili kutsogolo akhoza kusokera kutali. Ife a kuno zimenezi si zachilendo. Ndi midzi ingati imene inavina tsiku lotsegulira mjigo mu Epulo, madzi ali khwakhwa, koma pofika Okutobala amayi n'kumapopa mphepo yokhayokha? Mjigo amauyamikira m'chilimwe.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndinene mosabisa: ku Machinga ndi ku Balaka palibe amene anapeza gasi wa shale. Miyala ya mapiri athu, Chikala, Chaone, Mongolowe, Chinduzi ndi Kangankunde yemwe, ndi yobadwa ndi moto, osati matope a pansi pa nyanja. Miyala ya mtundu wa Karoo m'dziko muno ili kumpoto, kumene kuli malasha a ku Mchenga ndi uranium wa ku Kayelekera, ndiponso kuchigwa cha Shire, cha ku Lengwe ndi Mwabvi. Koma phunziro la nkhaniyi limadutsa pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, ndipo limachita kulira huta.

Ndikunena sitima zazitali zija za malasha, zimene zimachokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, n'kudzera pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kutulukira pa Nayuchi ulendo wa ku doko la Nacala. Malasha a ku Tete ali ndi mbiri yake. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto, imodzi mwa zikuluzikulu za migodi padziko lonse, inagula migodi ya malasha ku Tete pa mtengo wa madola pafupifupi 3,700 miliyoni. Inali ndi akatswiri ake, maloya ake, makompyuta ake. Pasanathe zaka ziwiri inavomera kuti malasha abwino otheka kutulutsa ndi ochepa kuposa mmene inkaganizira, komanso boma la Mozambique linakana zoti malashawo aziyenda pa mtsinje wa Zambezi. Mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, anatula pansi udindo mu Januwale 2013. Mu 2014 migodi ija inagulitsidwa pa madola 50 miliyoni. Tangoganizani munthu wogula ng'ombe pa K3,700,000 n'kudzaigulitsa pa K50,000. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ngati chimphona chotere chinapunthwa pa masamu a zapansi, nanga ine ndi inu, amene timangomva nambala pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango?

Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, phunziro linali la mtundu wina. Mgodi unatsegulidwa mu 2009. Uranium analimo, ndipo ankatuluka. Koma ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mu 2011 inagwetsa mtengo wake pamsika wa dziko lonse, ndipo mu 2014 kampani ya Paladin inaimitsa ntchito. Mwala sunachoke. Mtengo ndiwo unachoka, ndipo anthu ambiri anabwerera kumudzi. Panadutsa zaka zoposa khumi kuti mgodiwo uyambenso pansi pa kampani ina. Zitsulo za ku Kangankunde nazonso mtengo wake sukhazikika. Unakwera koopsa mu 2011 dziko la China litachepetsa zogulitsa kunja, kenako unagwa mpaka kampani ya Molycorp, imene inkayendetsa mgodi waukulu wa zitsulozi ku America, inalephera kubweza ngongole mu 2015. Mulu wachitatu uja, wa chinangwa chopindulitsa, umakula ndi kuchepa malinga ndi msika umene uli kutali ndi Balaka.

Ndiye kumbukiraninso nkhani ya mafuta a m'nyanja. Kuyambira 2011 boma linayamba kupereka zilolezo zofufuza mafuta, dziko litagawidwa m'zigawo 6, ndipo zigawo ziwiri za chakumwera kuno zinapatsidwa kwa kampani ya RAK Gas ya ku United Arab Emirates. Anthu anakangana, ena kuopa kuti chambo chitha, ena kuwerengera kale chuma cha mafuta. Papita zaka zoposa khumi. Petulo ndi dizilo yense amene timafolera pamzere akuchokerabe kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndege ya kauniuni imene inkauluka chapansipansi m'ma 2013 ndi 2014 inagwira ntchito yofunika, pakuti inajambula mapu osonyeza malo oyenera kufufuza. Koma ndege sizula phata. Imangoloza pamene pali masamba obiriwira.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nanga titani? Tizikana chilichonse chimene a migodi anena? Iyayi. Wokana zonse ndi wovomera zonse amagwera m'dzenje limodzi. Chofunika ndi kudziwa kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Ife alimi tili ndi poyambira. Chaka chilichonse alangizi a zaulimi amayeza zokolola maulendo atatu. Ulendo woyamba mbewu zili zazing'ono, wachiwiri zitakhwima, wachitatu pokolola. Palibe mlimi wanzeru amene amakwatitsa mwana ndi chiwerengero cha ulendo woyamba, chifukwa pakati pake pakhoza kubwera ng'amba, ntchemberezandonda, kapena namondwe ngati Freddy wa mu 2023. A migodi nawonso ali ndi masitepe awo, ndipo makampani a ku Australia amakakamizidwa ndi malamulo a msika wa kwawo kunena sitepe imene nambala yawo ili. Mukamva mawu akuti inferred, dziwani kuti ndi ulendo woyamba, mabowo ndi otalikirana, zambiri n'zongopenekera. Matani 261 miliyoni a mu 2023 aja anali a sitepe imeneyi. Mukamva indicated, mabowo ayandikirana, chikhulupiriro chakwera. Mukamva measured, ayeza mokwanira. Koma mawu ofunika kuwatchera khutu ndi akuti reserve. Amenewo ndiwo amatanthauza mwala umene awerengera ndalama zokumbira, zogayira, zonyamulira ndi mtengo wa pamsika, n'kupeza kuti phindu lilipo.

Choncho inu mafumu athu, inu makhansala, inu a m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, munthu akabwera ndi nambala yaikulu, mulandireni bwino, mum'patse mpando, kenako mufunseni modekha. Bwana, nambala imeneyi wawerenga ndani, ndipo amene anamulipira kuti awerenge ndani? Mwaboola mabowo angati, motalikirana bwanji? Imeneyi ndi ya zimene zili pansi, kapena ya zimene mudzatulutse n'kugulitsa? Mwawerengera pa mtengo wanji, ndipo mtengowo ukatsika ndi theka, ntchito idzapitirira kapena mudzatseka geti? Mukadzatseka, dzenje adzakwirira ndani? Munthu woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Amakupatsani nambala ziwiri, yotsika ndi yokwera, n'kunena kuti zoona zili pakati. Amene akubwera ndi nambala imodzi yokha, yonona, yopanda mnzake, muziyang'ana kumene waimika galimoto yake.

Kwa inu eni minda, nkhani ndi iyi. Munda wanu ndi woyezeka. Mukudziwa matumba a chimanga, a nandolo ndi mabelo a thonje amene umakupatsani chaka chabwino ndi chaka choipa. Ngati pafika poti musamuke, chipukuta misozi chiwerengedwe pa zimene mukutaya zenizenizo, chilembedwe, ndipo chiperekedwe musanachoke. Musasinthanitse munda ndi lonjezo la ntchito imene yamangidwa pa nambala ya ulendo woyamba. Musatenge katapila kapena kukhuthula banki m'khonde kuti mumange nyumba za lendi chifukwa chakuti mwamva kuti kubwera antchito masauzande. Yambani mwafunsa kuti gawo loyamba la ntchitoyo lilemba anthu angati, a luso lanji, kwa zaka zingati. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kwa aphungu ndi akuluakulu a boma, pempho langa n'lakuti dziko likhale ndi maso akeake. Dziko la Poland linadziwa msanga kuti nambala ya ku America ndi yonenepa chifukwa linali ndi akatswiri ake amene anatsegula mabokosi a miyala yakale n'kuwerenganso. South Africa anatsitsa 485 kufika pa 13 chifukwa ana a dziko lomwelo anaboola n'kuyeza okha. Ifenso tili ndi Geological Survey ku Zomba, tili ndi achinyamata amene akuphunzira za miyala ndi migodi m'mayunivesite athu. Apatsidwe zipangizo zoyezera, mafuta a galimoto ndi mphamvu yoona miyala imene makampani akutulutsa m'mabowo. Mwini munda amene sadziwa kuzula phata lake amagulitsa pa mtengo umene venda wanena. Ndipo kusadziwako kumapweteka mbali ziwiri: ukhoza kulota chuma chimene kulibe, kapena kugulitsa motchipa chuma chimene chilipo chochuluka. Musaiwale kuti phiri lomwelija linali la madola 4 miliyoni mu 2007, n'kukhala la 30 miliyoni mu 2022.

Kangankunde akhoza kudzakhala mgodi waukulu wotumikira ana athu ndi zidzukulu. Zizindikiro zake n'zolimbikitsa, ndipo ine ndikufunira ntchitoyo zabwino. Koma chiyembekezo chathu tichimange pa matani 23.7 miliyoni amene atsimikizika, pamene ena otsalawo tikuwadikira kuti ayezedwe bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa m'mawa ena mwa inu mulawirira kumunda, khasu paphewa, kukakumba chinangwa cha kadzutsa. Mukadzazula phata loyamba n'kupeza kuti china chadukira pansi, mudzakumbukire kuti mwangochita kumene masamu amene anagwetsa mabwana a Rio Tinto ndi a ku Poland. Kusiyana kwake n'kwakuti inu simunauze ana kuti atereke madzi ambiri musanaone zimene zalowa mudengu.



(NYIMBO YOTSEKERA)